Anati makala a m'phanga adzanena

Izi sindinachite kumva kwa munthu ayi, zinandichitikira ine mwini wake, ndipo pa msinkhu ndafikawu, mano atatha m'kamwa, bodza ndingapindule nalo chiyani? Maina sinditchula chifukwa ena mwa anthuwo ali ndi zidzukulu zimene ndimakumana nazo kumsika wa kumalire, koma amene anakulira kuno ku Milange nthawi ya Apwitikizi, nkhondo itayamba kumveka, adziwa kuti sindikukokomeza.

Masiku amenewo munthu akapezeka kuti anakoleza moto m'mapanga a m'phiri, boma linkamuwerengera kuti ndi wa kutchire, wa gulu loukira boma, ndipo mlandu wake unalibe kochonderera. Achimwene anga, amene anandilera bambo atamwalira, anawanamizira kuti amanyamula makalata a anthu a kutchirewo, ndiye dzinja lina lonse anabisala m'phanga la kumtunda kwa munda wathu, ine n'kumawapititsira mapira mumtanga wovundikira udzu, poti chimanga chinali chitatha. Zinthu zitazizira anatsika, n'kukauza akuposito, ku ofesi ya boma ya dera lathu, kuti miyezi yonseyo anali ku Mulanje kothyola tiyi. Anawakhulupirira, koma mwa apo ndi apo. Tinapumako, kupuma kwake kwa munthu wosenza mtolo amene wangosintha phewa.

Chilimwe chake kunabwera mzungu wina amene ankamutchula kuti dotolo, ngakhale chifuwa chomwe sankatha kuchiza, ntchito yake inali kukumba pansi kufunafuna mapale a miphika ya anthu akale. Anabwera ndi womasulira, bambo wina wophunzitsa katekisimu, komanso sipayi mmodzi, wapolisi wachikuda wa kuposito, amene anamupatsa kuti azimulondera. Mapanga ali mbwee m'phirimo, iye n'kusankha lathu lomwelo. Amuna ankakumba, ine ananditenga chifukwa cha lichero, poti ankafuna mkazi wodziwa kupeta woti azipeta dothi louma n'kumatolamo njere zopserera. Kukana ndikanakana bwanji, sipayi ataima pakhomo?

Chimene chinandidabwitsa ndi ulemu umene mzunguyo ankapereka kwa makala. Ife makala timawaponda, timawatayira kudzala, koma iye sankalola munthu kuwagwira ndi manja, wosuta fodya ankamuthamangitsira kutali, mwini wake n'kumatola khala limodzilimodzi ndi kachitsulo kopanira, kulikulunga m'pepala lonyezimira ngati la m'paketi ya ndudu, n'kulembapo. Pakamwa panga mpomwe panandipachika, chifukwa ndinafunsa womasulira uja kuti kodi abwanawa kwawo kulibe nkhuni? Iye anandiuza kuti mtengo ukakhala wamoyo umamwa kanthu kena ka mumpweya, ukafa kanthuko kamayamba kuchepa pang'onopang'ono, ndipo kutsidya kwa nyanja kuli makina owerenga kamene katsalako, ndiye makalawa pamodzi ndi njerezi zikakafika kumeneko zidzanena nthawi imene motowo unayaka.

Zidzanena, anatero. Inu achinyamata simungamve, koma nthawi imeneyo mawu oti kunena sanali mawu wamba, munthu akakuuza kuti uje wakanena, ndiye kuti wakakupereka kuposito basi. Sipayi uja anaseka n'kuwonjezera kuti tsopano ngakhale moto wayamba kuchitira umboni, amene ali ndi kanthu kukhosi ayambiretu kutsanzika. Kaya ankangocheza, kaya ankandiyesa, mpaka lero sindidziwa, koma ine ndinayamba ndaika lichero pansi.

Nditayambiranso kupeta, m'lichero munatsalira tinjere takuda, tozungulira. Ndinatiyang'anitsitsa, anali mapira. Ndani winanso akanabweretsa mapira m'phanga limenelo kupatula ine? Mutu unangondiuza kuti njere zimenezi zikawoloka nyanja zikanena kuti moto unayaka dzinja lathali, pamene achimwene ankati ali ku Mulanje, ndipo phangalo lili pamwamba pa munda wathu, palibe amene adzafunse kawiri. Ndiye ndinayamba kuzimeza. Ndikapeta, ndimayang'ana uku ndi uku, n'kuponya m'kamwa, zowawa, zamchenga, kukhosi kuchita kukanda. Masiku awiri ndinadya makala ine, mayi wa ana atatu.

Tsiku lachitatu mzungu anayamba kudandaula kuti njere zasowa bwanji chonsecho dothi ndi lomwelo, ndipo sindinadziwe kuti sipayi wakhala akundiyang'ana. Anangobwera n'kundigwira chibwano, n'kundiuza kuti nditulutse lilime. Linali lakuda bii. Amuna onse anasiya kukumba, ndipo ndinene zoona pano poti manyazi anatha kale, mkodzo unatsika wokha. Ndinkangoona achimwene atamangidwa, ana awo ali pamtetete. Mzungu analankhula Chipwitikizi chake, womasulira n'kunena kuti abwana akufunsa ngati kunyumba kuli njala. Ndinangogwedeza mutu kuvomera. Anandipatsa mkate n'kundichotsa palichero, iye n'kuyamba kumathira dothi m'beseni la madzi kuti njere ziziyandama zokha. Loweruka lake bokosi lodzaza timapepala tonyezimira tija linakwera galimoto, ine ndikuona.

Ndinathamangira kwa achimwene n'kuwauza kuti awoloke mtsinje wa Muloza, apite ku Malawi ndithu yankho lisanabwere. Iwo anaseka, anati mlongo wanga khala lilibe pakamwa, ndipo munthu wothawa ndi amene amadzigwiritsa yekha. Ine osamva. Masiku atatu ndinawakakamira, ndikulira, ndikuwakumbutsa ana awo, ndikuwauza kuti iwo sanaone mmene sipayi anasekera. Alamu anga sitinawauze kanthu, poti ngakhale za kuphanga ankangodziwa kuti amuna awo anali ku Mulanje. Pomaliza achimwene anavomera, osati chifukwa chokhulupirira, anangoti apita kuti mtima wanga ukhale pansi, akabwerako mvula ikagwa. Ananyamuka m'mawa ndi khasu paphewa ngati akupita kudimba, ndipo asanafike n'kumadzi komwe anakumana ndi asilikali olondera malire. Mayi wina wogulitsa nthochi ndi amene anawaona akukwezedwa mulole. Kumene anawapititsa sitinauzidwe, ndipo maliro sitinaike.

Patatha chaka mzungu uja anabweranso, nkhope ili mwee, atanyamula kalata. Anatisonkhanitsa ife tinamugwirira ntchito, womasulira n'kunena kuti makala aja anena. Anati moto umene tinaupeza pansipo unayaka zaka mazanamazana zapitazo, azungu asanaponde dziko lino, ndipo mapira aja anali a anthu amene ngakhale agogo a agogo athu sanawaone. Ndinalimba mtima n'kufunsa za phulusa la pamwamba, iye n'kuyankha kuti limenelo analikokolola tsiku loyamba lomwe n'kulitaya kunja, ndi la abusa ndi osaka mbewa, linalibe ntchito. Ndinafunsanso ngati makinawo amatchula mwezi kapena munthu. Womasulira anachita kuseka mpaka kupukuta misozi, anati amayi, makinawo amatha kuphonya ndi moyo wonse wa munthu, mwezi angaudziwire kuti?

Anzanga anaomba m'manja, ine ndinatsika phiri ndekha. Sindinalire nkomwe, ndinangomva kutopa, ndipo kutopa kumeneko sikunandichoke mpaka lero. Moto wa achimwene unali utatayidwa kunja ine ndisanagwire n'lichero lomwe, ndipo chimene ndinkameza chinali chakudya cha anthu akale amene analibe nafe mlandu.

Alamu anga anakhala zaka zawo zonse akukhulupirira kuti banja lina loyandikana nalo ndi limene linakanena amuna awo, moti anamwalira osapatsana nawo moni. Ine ndinkawathandiza kulima, ana awo ndinalera nawo, koma pakamwa ndinatseka. Womasulira uja sindimuimba mlandu, anamasulira zimene anamva, naye mzunguyo anabwera kudzafuna makala ake basi. Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti mantha ali ndi makutu akeake, amamva zimene sizinanenedwe, ndipo munthu wamantha amaopsa kuposa mdani chifukwa amakukankha akukukonda.

Ndiye inu amene mukuwerenga, mukamva mawu achilendo ochokera kwa anthu ophunzira, kaya kuchipatala kaya kuboma, musathamange nawo kunyumba musanafunse kachiwiri, ngakhale akusekeni kuti ndinu mbuli. Funso limene ndinafunsa patatha chaka ndikanatha kulifunsa tsiku lomwe lija, womasulira ali pambali panga, ndipo likanangonditengera manyazi a kanthawi kochepa. Ndipo wachibale wanu akakuuzani kuti sakufuna kuthawa, mumvereni, chifukwa achimwene anga sanawanene makala, sanawanene oyandikana nawo, anawatulutsa m'nyumba ndi misozi yanga.