Anandisemera Nkhafi Mayeso Asanafike

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndili Sitandade 8 ku Lungwena. M'kalasi ndinkakhala ndi Zuze, mwana wa anthu omwe anathawa nkhondo ku Mozambique. Masamu ndinkamuposa. Chingerezi ndinkamuposanso. Iye ankadziwa, aphunzitsi ankadziwanso.

Masiku amenewo kusankhidwira ku sekondale kunali kovuta. Pasukulu pathu zaka zinkadutsa popanda wopita. Kwathu mwana amalamulidwa ndi amalume ake, ndipo anga anali a Bwanali, msodzi wa usipa.

Tsiku lina pochokera kusukulu ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akusema nkhafi yopalasira bwato. Anandiimika, naiyeza paphewa panga, nadulako pang'ono.

"Iyi ndi yako," anatero. "Ukamaliza kulemba zakozo, ulowe m'bwato."

"Nanga ndikasankhidwa, amalume?"

"Kuno anasankhidwapo ndani? Tchula mmodzi."

Sanakalipe, ndipo sukulu sanandiletse. Nkhafiyo anangoitsamiritsa kuseri kwa chitseko, pomwe ndinkakoleka yunifomu. M'mawa uliwonse ndinkayamba kuona iyo. Inkanunkhabe mtengo wauwisi.

Mwezi womwewo amayi ake a Zuze, omwe ankagulitsa zitumbuwa padoko, anabwera kuchokera kuboma atamangirira sutikesi yachitsulo panjinga. Inali yakale, yophwanyika pangodya. Amayi anzawo anaseka.

"Amake Zuze, mwanayo walemba kale? Kapena mukubwerera kwanu ku Mozambique?"

"Ndi ya kusukulu yogonera konko," anayankha. "Akapita aziika kuti zovala?"

Kuyambira pamenepo ine ndi Zuze tinasiyana zochita. Aphunzitsi ankatisunga masana kuti atikonzekeretse mayeso. Zuze ankatsala. Funso likamuvuta ankafunsa aliyense, ngakhale ine, ngakhale ana amuseke. Ine funso likandivuta ndinkatseka kope. Mumtima ndinkati, ndivutikirenji, bwato lilipo kale. Lachisanu ndikachoka kumzikiti sindinkabwereranso m'kalasi. Usipa utachuluka ndinayamba kujomba masiku otsatizana. Palibe anandituma.

Tinalemba. Tonse awiri tinakhoza, koma pasukulu ponse panalibe wosankhidwa. Amalume anangoti, "Si ndinanena?" Sabata yomweyo ndinalowa m'bwato.

Sukulu itatsegulidwa, aphunzitsi athu anabwera padoko. Anatipeza tikusoka ukonde. Anapereka moni kwa amalume, napempha kuti ndibwereze kalasi, popeza mutu ndinali nawo.

"Mwini wake ndi uyu," anatero amalume. "Mufunseni."

Ndinayang'ana ukonde. "Ayi, aphunzitsi. Zidzakhala zomwezi."

Sanakakamire. Anakutumula mchenga m'nsapato, napita.

Zuze anabwereza, osasankhidwanso. Padoko ankati nkhuku zayamba kuikira mazira m'sutikesi muja. Amayi ake ankangoti, "Nthawi yake sinakwane." Zuze nayenso ankayankha chimodzimodzi anthu akamutonza, ali wamtali kuposa ana onse m'kalasimo. Anabwerezanso. Ulendo wachitatu anasankhidwa. Pano amagwira ntchito pachipatala china ku Zomba. Akabwera kumudzi amagula nsomba kwa ine, ndipo timacheza bwino.

Amalume anamwalira kalekale. Sanandide. Anaona ana ambiri akulira zotsatira zikatuluka, ndiye sanafune kuti nanenso ndilire. Za chaka chimenecho ananena zoona. Nyanja yandidyetsa, yalera ana anga, sindidandaula.

Koma chimodzi ndachidziwa. Mwana amalimbikira molingana ndi komwe akulu amuuza kuti akupita. Zuze atalephera kusankhidwa ankaona kuti chalakwika ndi chaka, ndipo chaka chimasintha. Ine nditalephera ndinaona kuti ndi mmene tilili anthu akuno, ndipo chotere munthu salimbana nacho. Nzeru ndinali nazo zoposa zake. Kungoti mayeso aja ndinawasiya ndisanalowe n'komwe m'chipinda cholembera.