Maluwa a m'zitini ndi mlendo wa chipani

Ndikukumbukira chaka chimene maluwa anapirikitsa ahedi athu, a Mwale, pasukulu ina kufupi ndi Malindi. Anali munthu wa kumtunda, woopa zinthu ziwiri: madzi a m'nyanja ndi kusamutsidwira ku Katuli, kumene galimoto inkafika ikafuna.

Atamva kuti kukubwera mkulu wa chipani, anatituma kuthengo kukazula maluwa ofiira ndi achikasu, omwe aja tinkawaponda popita kokawedza. Tinawadzala m'zitini, zina za mchenga, zina za dothi la pachulu, zina zosakaniza ndi ndowe za mbuzi. A mumchenga anafota, a pachulu anangoti njo osakula. A ndowe ankayesako, koma ahedi anati akuchedwa. Atamva kuti kwathu timakwirira matumbo a nsomba patsinde pa papaya, analamula aliyense abweretse m'chikho. Palibe anawauza kuti papaya amadzalidwa kutali ndi khomo. Masiku amenewo wamkulu sankalakwa.

Maluwa anakondwa, inde, masamba biriwiri. Koma fungo lake, abale! Ntchentche za mudzi wonse zinalembetsa sukulu.

Mlendo anafika atavala suti dzuwa likuswa mtengo. Tinaimba, amayi anavina, aliyense akupumira m'kamwa. Iye anakwinya mphuno, natiyang'ana ife ana.

"Inu a kunyanja, madzi muli nawo pakhomo. Muzisamba," anatero.

Tinaomba m'manja. Zinandiwawa kwambiri, poti amayi anga anali atandikwecha ndi mwala mpaka khungu kuyera.

Kenako analoza zitini zokongola zija. "Izi zikakhale pakhonde la ofesi yanga."

Ahedi anathamangira zitinizo. Anazinyamula okha kukaika m'galimoto ya mlendoyo, yomwe inanyamuka mawindo otseka chifukwa cha fumbi, ulendo wa kuboma. M'galimotomo munalibe mwana wa kunyanja ndi mmodzi yemwe woti amunamizire.

Teremu isanathe, a Mwale anakwera lole ndi matilesi awo, wa ku Katuli.

Lero maluwa omwewo anyamata akugulitsa m'timapepala takuda kumalo ogona alendo, dothi lake losefa bwino, lopanda fungo. Akuluakulu akabwera timatha kuwauza pamaso kuti pano pakununkha. Amagwedeza mutu, nalonjeza, nakwera galimoto. Zitini zokha ndiye masiku ano amatisiyira.