Waya wa Chitofu cha Amayi

Fungo la pulasitiki wopserera ndimadana nalo mpaka lero. Limandibweza m'nyumba ya boma ija ku Mangochi, dzinja limene ndinali Sitandade 4, bambo ali kalaliki wochokera kwathu ku Dedza.

Amayi ankadwala mphumu. Nkhuni za dzinja limenelo zinali zonyowa, ndipo akamauzira moto m'kakhitchini ka kuseri, chifuwa chawo chinkalira ngati kamwana ka mphaka. Adokotala anawauza mosabisa kuti utsi udzawapha. Ndiye bambo anagulitsa njinga yawo n'kugula chitofu cha magetsi chakale ku hotela ina ku Nkopola. Chinabwera pa lole ya nsomba, chikununkha usipa, cha mbale zinayi ndi uvuni. Ine ndinavina, abale! Mumtima ndinkati amayi achira basi.

Bambo, pokhala munthu wa mapepala, anachilumikiza pa soketi ya wailesi. Fyuzi inaphulika. Anaikamo ina, nayonso phu! Kachitatu anaikamo msomali. Mbale imodzi inafiiradi, amayi n'kuyamba kumwetulira, kenaka soketi inasungunuka, khoma n'kuda bii.

Mawa lake anabwera Che Jafali, amene ankakonza magetsi m'mahotela. Anagogoda khomalo n'kupukusa mutu. "Bwana, mwapulumuka. Waya wa m'nyumba muno ndi wa mababu ndi wailesi. Ichi chimafuna waya wakewake wonenepa kuchokera pa mita, swichi yake, ndi waya wina wopita pansi. Ndi ntchito ya tsiku limodzi. Koma nyumba ya boma ine sindiboola popanda kalata."

Bambo analemba kupempha kalatayo. Yankho linali lakuti kubwera anthu kudzayendera nyumba kaye. Apa mpamene zinathera. Masiku amenewo kalaliki wowotcha khoma la boma akanatha kutchedwa woukira, ndipo otero ankangosowa. Bambo anakankhira kabati pakhoma lakudalo, napita kuofesi kukanena kuti asintha maganizo. Za Che Jafali ndi za kalatazi ine ndinadzazimva patapita zaka zambiri.

Chitofu chinakhala pabalaza mvula yonse, chitafunditsidwa nsalu, pamwamba pali makapu a alendo. Amayi anabwerera kukauzira nkhuni. Ndinkawamva akutsokomola ine ndikusenda chinangwa pakhonde, ndipo ndikadutsa pabalaza ndinkachimenya theche chitofucho. Chinthu chachabechabe! Ndinkachida ndi mtima wanga wonse. Chimanga chisanache tinapita nawo kuchipatala amayi, ndipo sanabwereko.

Zaka zambiri ndinkauza anthu kuti a ku hotela aja anawagulitsa bambo chitofu chakufa, bambowo osanditsutsa. Nditakwatiwa anandipatsa chitofucho, ndipo wamagetsi anachilumikiza m'mawa umodzi, waya wake wosatalika kuposa chingwe choyanikapo zovala. Mbale zonse zinayi zinayaka. Mpamene ndinazindikira zimene bambo ankadziwa zaka zonsezo, kuti chitofucho chinalibe mlandu. Iwo anaima pakhomo la khitchini chipewa chili m'manja, ndipo tsiku limenelo anakana kudya.