Abusa Anawerenga Mawu Anga Pamaso pa Amuna Anga

Tsiku lina mwana wanga wamkulu, wa zaka zisanu, anangomva belu la njinga ya bambo ake n'kukoka mng'ono wake, ulendo m'munda wa kachewere. Ndinawapeza atagona pakati pa mizere, ali zii. Pomusambitsa ndinaona mikwingwirima kumsana. Anandinong'oneza kuti ndikapita kudimba bambo amawakwapula ndi mphira womangira katundu.

Tinkapemphera mpingo wina wa pa boma. Abusa ake anaphunzira za uphungu, analembanso buku la mabanja, nkhope yawo ili pachikuto. Ine ndinalekeza sitandade sikisi, ndinati awa ndiwo odziwa. Ndinapita ndekha kukawadandaulira.

"Lankhulani zonse, mayi," anatero. "Zimathera m'chipinda muno."

Ndinalankhula, iwo akulemba m'kope. Ndinatchula ndi za mwanayo.

Sabata yotsatira anatiitana tonse awiri. Kachitidwe kawo n'kakuti mwamuna ndi mkazi akhale moyang'anana, mawondo atagundana, chifukwa ati banja silichira ndi chinsinsi. Basi anatsegula kope lija n'kuyamba kuwerenga. Mawu anga enieni! Mpaka pamene ndinati, "mwana wamkulu ndiye wandiuza."

Amuna anga anaseka. "Abusa, uyutu ndi wa ku Bembeke, chisanu chinamuumitsa mutu."

Abusa nawo n'kuseka. Kuseka!

"Mutu wachitatu wa buku langa munawerenga, mayi? Wa kupirira?"

"Ndinawerenga. Za msana wa mwana simunalembemo."

"Mkwiyo umenewo ndi womwe tikuchiza. Gwiranani manja."

Anatipempherera nthawi yaitali, atatsinzina. Ine sindinatsinzine. Ndinkayang'ana chala cha amuna anga chikukanikiza dzanja langa mpaka chikhadabo kulowa.

Titatuluka, amuna anga akumasula njinga, anati, "Ndiye kamwanako kali ndi pakamwa, eti? Tikakaona kunyumba."

Mpaka lero ndikaona bukulo m'manja mwa munthu mtima umandiwira. Sukulu yonse ija, osadziwa kuti mboni ya zaka zisanu imakhala nyumba imodzi ndi woikwapula?

Ndinawauza amuna anga kuti atsogole, ndikufuna kugula mchere. Ndinkadziwa kuti aima kaye pa bawo. Ndinadula njira yam'nkhalango, ndikuthamanga, patapata m'manja. Ana ndinawapeza kwa aneba kumene ndinawasiya. M'nyumba sindinalowemo, ngakhale bulangete sindinatenge. Wamng'ono kumsana, wamkulu padzanja, mpaka kwa amalume ku Bembeke. Kumeneko ndinavula wamkuluyo malaya pamaso pawo, ndinati, "Mbumba yanu iyi, amalume. Kuchitengwa kuja sabwererako."