Tsiku limene amayi anamana mnzawo mapiritsi

Ndinali ndi zaka khumi pamene ndinaona koyamba amayi anga akukaniza munthu chinthu. Kwathu ku Katuli tinkabwerekana chilichonse: mchere, khasu, moto, ngakhale mapiritsi a mutu. Amayi ndiye ankachita kunyanyira, mpaka abambo ankawaseka kuti tsiku lina adzabwereketsa denga la nyumba.

Amayiwo anali ndi vuto la mtima. Unkathamanga ngati wa nkhuku yogwidwa, nthawi zina n'kumadumphadumpha, ndipo kuchipatala anawapatsa timapiritsi toyera touchepetsa liwiro.

Tsiku lina m'mawa kunabwera mnzawo wa ponda apa m'pondepo, Abiti Jafali, akuyenda chogwirira mpanda. Anafikira kukhala pakhonde, thukuta lili kamukamu.

"Achemwali, nanenso wandigwira mtima," anatero. "Chizungulire, m'maso muli mdima. Ndigawireniko tiwiri tokha."

Amayi anawagwira pamkono, monga ankawachitira adokotala, namvetsera ndi zala kugunda kwa mtima wawo.

"Iyayi, sindikupatsani. Wanga umathamanga, wanuwu ukuchita kukwawa. Tiyeni kuchipatala."

Ine manyazi ake! Ndinathawira kuseri kwa nkhokwe, koma ndinamvabe Abiti Jafali akudandaula: "Zoona kundimana ine? Ine amene ndinakusambitsirani mwanayu atabadwa?"

Amayi misozi inalengeza, koma kabotolo sanatsegule. Anaitana abambo kuti awakweze mnzawoyo panjinga. Pachipatala chathu chaching'ono sanachedwe nawo, anawatumiza ku boma ku Mangochi. Kumeneko anawabaya jakisoni wofulumizitsa mtima n'kuwagoneka. Adokotala anauza abambo kuti timapiritsi ta amayi tikanautsitsiratu mtimawo, mwina mpaka kuima.

Musaganize kuti Abiti Jafali anabwerako akuthokoza. Aa, mayi uja! Anayamba adutsa pakhomo pathu masiku angapo atakweza mphuno. Kenako anatulukira ndi lichero la nandolo, nakhala pansi n'kuyamba kusenda.

"Koma ndinu ouma manja, achemwali," anatero. Onse awiri anafa nacho chiseko, ndipo ine mtima unakhala m'malo.

Abiti Jafali anakhala ndi moyo mpaka kukalamba ndithu. Pa ukwati wanga analuluta mpaka mawu kusasa, ndipo ndikakumbukira ndimasangalala. Lero ndimadziwa kuti ulemu umene tinaphunzitsidwa kwathu uli ndi malire ake. Akanandipeza ndekha pakhomo m'mawa uja, ndikanagwada n'kuwapatsa mapiritsiwo ndi manja awiri, ndipo pamaliro pawo mudzi wonse ukanandiyamikira kuti ndine mwana woleredwa bwino.