Mtondo wa amake Sungeni ukupita ku Scotland

Amake Sungeni, dzina lawo Magdalene Chikafa, anabwera ku Nairobi potsatira amuna awo, a Reinford, omwe anapeza ntchito ku bungwe lina loona za madzi. Kwawo ku Ntcheu anali telala. Atafika ku Madaraka, dera lina la mu Nairobimo, anaika makina pakhonde, nkuyamba kusokera Amalawi anzawo makatani. Mayiwa sasoka ali duu. Phazi likangoponda makina, nyimbo yayamba, kawirikawiri ya pamtondo, yodandaula za mwamuna wokonda bawo.

Tsiku lina kunabwera Morag, mzungu wa ku Scotland wogwira ntchito ndi a Reinford, kudzapinditsa siketi. Anakhala pansi kudikira, nyimbo ili mkati. Posakhalitsa anayamba kumenya thebulo ndi manja onse awiri, di! di! di! osaphonya.

"Iii, achemwali, munasinjako kuti?" anafunsa amake Sungeni m'Chingerezi chawo cha kusekondale.

Morag anati pachilumba cha kwawo, kale amayi ankakhala mozungulira thebulo, kumenyetsapo nsalu yaubweya yonyowa kuti ilimbe, kwinaku akuimba m'chilankhulo chawo cha Chigeliki, mmodzi kutsogolera, ena kuvomera.

"Nanga nyimbozo zimati chiyani?"

"Zibwenzi. Miseche. Amuna osabwera kunyumba."

Amake Sungeni anaseka mpaka kugwetsa sizasi.

Morag anali m'komiti ya kagulu ka pachilumbapo kolimbikira kuti nyimbo ndi masewero a Chigeliki zisafe, poti olankhula akunka nachepa. Mwezi umenewo ankakonza dongosolo la zaka zikubwerazi, komanso zokapempha kwa othandiza ntchito za chikhalidwe. Tsiku la msonkhano wa komitiyo, womwe unkachitikira pa intaneti, Morag anabwera ndi kompyuta yake ku Madaraka kuti mnzakeyo angolonjera anthu.

Pagalasi panaoneka nkhope zotopa. Ena ankafuna ndalama zipite kudenga la holo lomwe likudontha, ena ankati choyamba ndi mphunzitsi wa ana. Amake Sungeni analonjera, ndipo atapemphedwa, anaimba. Wapampando, bambo wadazi, anayamba kumenya desiki yake. Ena onse anatsatira. Koma netiweki inkachedwa, moti aliyense ankagunda nthawi yakeyake ngati matalala padenga la malata. Msonkhano unaima ndi phwete.

"Lembani," anatero wapampando akupukuta misozi. "Chikondwerero cha nyimbo za pantchito. Thebulo lathu, mtondo wawo."

Othandizawo ankafuna kuona kanema, tsono mtondo weniweni unafunika. Mu Nairobi muno! Amake Sungeni anapeza mmisiri wina ku Kasarani, namujambulira pansi ndi kamtengo. Woyamba unatuluka ngati ng'oma. Wachiwiri unakhala bwino, ndipo unafika pa njinga yamoto ya kabaza, imene kuno amati boda boda, misi iwiri itatulukira uku ndi uku, magalimoto akuimba mabelu kumbuyo.

Loweruka anaitana a Bessie ndi a Lenah, Amalawi anzawo ogwira ntchito mu ofesi, omwe anasiya kusinja ali atsikana. A Bessie anavula wigi nkuikoleka pampanda. Anasinja pabwalo loimikapo magalimoto, chimanga chili pwirikiti, mlonda akukuwa m'Chiswahili kuti achite pang'onopang'ono, "Pole pole, mama!" Aneba a Chikenya anatsika kudzadandaula za phokoso, koma awiri anathera pamusi. Morag ankajambula zonsezi ndi foni.

Yankho linawapeza amake Sungeni ali m'minibasi, imene kuno amati matatu. Morag anaimba foni akupuma mwabefu: othandiza aja za mphunzitsi wa ana avomera, za chikondwerero avomera, ndipo oimba awiri ochokera ku Nairobi alipiriridwa ulendo. Denga lokha akana.

"Ndiye holo ija?"

"Wapampando akuti titchera zidebe."

Nthungululu imene anaimba amake Sungeni inachititsa dalaivala kuponda mabuleki. Kondakitala anafunsa ngati wina wabedwa. Mayi anatsika pomwepo, kutali ndi siteji yawo, nkuyenda wapansi akuimbira foni aliyense, mpaka apongozi awo ku Ntcheu, omwe anangomva zoti mtondo ukukwera ndege.

A Reinford anawauza kuti ku Scotland kumazizira koopsa. M'mawa mwake amake Sungeni anapita kwa ogulitsa kaunjika, amene kuno amati mitumba, nkubwerako ndi chijasi chofika m'mapazi. Ulendo ndi wa chaka chamawa, ziphaso sizinatuluke, ndipo a Bessie ndi a Lenah sanagwirizanebe kuti apite ndani limodzi ndi amake Sungeni. Koma chijasicho amake Sungeni anapita nacho kale kutchalitchi, dzuwa lili phwee, thukuta lili kamukamu, akuti akuzoloweza thupi.