Fonte Yatsopano ndi Ukwati wa Msuweni Wanga

Ine kudikira sindikutha. Ngakhale tiyi ndimamwa akuwotcha, lilime n'kumasupuka. Khalidwe limeneli ndi limene linawamana azakhali anga ukwati wa mwana wawo, ndipo ndikakumbukira ndimadzuka pampando n'kuyamba kuzungulira m'nyumba.

Ntchito yanga ndi kujambula mavidiyo a maukwati ndi makwaya kuno ku Milange. Chaka chimenecho msuweni wanga anakwatiwa m'tauni muno, koma mayi ake, azakhali angawo, anali chigonere kwawo ku Molumbo, atathyoka mwendo pa njinga yamoto. Panalibe amene akanawanyamula pa msewu wa maenje uja. Anandiimbira foni: "Mwana wa achimwene, maso anga ndi iwe. Ujambule zonse." M'tchalitchi abusa analetsa mafoni, analola kamera yanga yokha. Nditafika kunyumba ndinakopera zonse m'kompyuta, n'kufufuta za m'kamera, chifukwa m'mawa mwake ndinali ndi kwaya yoti ndijambule.

Vuto linali kompyutayo. Inali yakale, ya mu ofesi, ndipo vidiyo ya kamera yatsopano inkailemera. Mkwatibwi akanyamula phazi, chithunzi chinkaima, phazilo lili m'mwamba, ine thukuta kamukamu. Ndinagula khadi la zithunzi lamphamvu, lija anzanga amati pulaka. Kuikamo, kompyuta inayaka bwinobwino. Kungoyamba kulumikiza vidiyo, thi! Yazima. Katatu konse. Ndinazindikira kuti fonte, kabokosi kolandira magetsi n'kugawira zipangizo zonse m'katimo, inalibe mphamvu zodyetsera khadi latsopanolo.

Azakhali ankaimba tsiku lililonse. "Wafika pati?" Ndinawauza kuti Loweruka ndibwera nayo vidiyoyo, aitane anthu.

Lachitatu ndinawoloka malire pa Muloza, kukwera minibasi mpaka ku Limbe, kugula fonte yaikulu, kubwerera tsiku lomwelo osadya n'komwe. Lachinayi m'mawa ndinachotsa yakale ija, kutenga yatsopano kuti ndilowetse. Aaa, osalowa! Chitsulo china chopingasa m'kati mwa bokosi la kompyutayo chinkaitsekereza, mwina ndi zala ziwiri zokha. Ndinaitembenuza uku, kuitembenuza uko, kuikankha mpaka kudzicheka chala. Zala ziwiri basi!

Kwathu kuno chitsulo chikavuta umapita nacho kwa okhoma ndowa. Mlamu wanga ndiye katswiri wake kuseri kwa msika, amapanga ndowa, mbaula ndi zothirira dimba. Khadi lija ndinalizula mosamala, kulikulunga m'chitenje cha mkazi wanga, kuligoneka pabedi ngati khanda. Bokosi lonselo ndinalimangirira panjinga.

"Alamu, dulani apa," ndinatero, ndikuloza chitsulo chija.

Anasuzumiramo, kugogoda ndi chala. "Nanga izi zatsalamozi? Tisayambe tazichotsa?"

"Chamtengo wapatali ndachotsa kale. Inu dulani."

"Mmm. Zanga ndi ndowa, alamu, ndowa siimva kuwawa. Izi zanuzi sindizidziwa."

"Ndiye mukufuna mundiphunzitse kompyuta inu? Dzuwa likupita ili!"

Anaseka. "Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo. Gwirani bwino."

Ndinagwira ndi manja anga awiriwa. Iye anaika tchizulo, kukweza hamala. Kho! Kho! Kho! Bokosi linkanjenjemera mpaka m'mapewa mwanga, ine n'kumati menyani kwambiri. Pa chitsulo chomwecho, chapansi pang'ono, panali pomangiriridwa disiki, mosungira zonse za m'kompyuta. Ndinkaiona ndithu. Tizitsulo tinayi tokha ndikanamasula, ntchito yosatenga ndi mphindi zisanu zomwe. Mutu wanga unali pa khadi lili pabedi.

Fonte inalowa bwinobwino. Ndinalumikiza nthambo zonse, kubwezera khadi, kuyatsa. Zopemerera mphepo zinazungulira mwakachetechete, mtima wanga kuti myaa. Kenako ndinamva kaphokoso: ke, ke, ke. Pagalasi panangobwera mawu oyera akuti disiki sikupezeka. Ndinazimitsa, kuyatsa. Ke, ke, ke. Ndinasintha nthambo, kupukuta disikiyo, kuipemerera, kuiyesa pa kompyuta ya mnzanga. Lachisanu lonse linathera pomwepo. Ndinatuluka panja, kulowa, kutulukanso. Ndinafuna kukamukalipira mlamu wanga, koma ndikanati chiyani, poti anandifunsa? Ndinadzida kwambiri tsiku limenelo.

Kuwauza azakhali pafoni ndinalephera. Loweruka ndinakwera galimoto ya matola kupita ku Molumbo, chikwama chili chopanda kanthu, njira yonse ndikukonza mawu n'kumawagwetsanso. Ndinafika masana. Pakhonde anali atatulutsa kale kanema wobwereka, batire la galimoto lili pambali, mphasa zitayalidwa, azimayi a mumpingo atakhala. Azakhali anali pampando, mwendo uli tambalale m'chikhakha. Anali atavala diresi la nsalu ya ukwati ija achibale tonse tinasoketsa. Lawo linali lisanavalidwepo.

Ndinagwada pafupi nawo, n'kunena zonse, za hamala zomwe. Sindinabise kuti wolakwa ndinali ine.

Azakhali anasalaza diresi pabondo. Mayi wina anadzuka, kuyamba kupinda mphasa yake.

"Khalani pansi, amayi," anatero azakhali. Kenako anatembenukira kwa ine. "Iwe unalipo. Tiuze. Mwana wanga analowa bwanji m'tchalitchi?"

Ndinayamba. Ndinanena za diresi loyera, za atsikana ovina kutsogolo, za nyimbo imene kwaya inaimba. Azimayi ankavomera, wina mpaka analuluta pang'ono. Ndinayamba kulimba mtima.

"Nanga abusa atafunsa kuti ndani akupereka mwanayu, n'kuimirira amalume ake m'malo mwa ine, nkhope ya mwana wangayo inali bwanji? Anayang'ana pamene ndikanakhala?"

Nthawi imeneyo kamera ndinali nditailozetsa kwa mkwatibwi ndithu, koma maso anga anali pa kachizindikiro ka batire la kamerayo, kamene kanali katafiira. Kamera inaona, ine ayi.

Ndikanatha kunama. Onse akanandikhulupirira.

"Sindinaone, azakhali."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kupempha mayi wina kuti awathandize kulowa m'nyumba akavule diresilo, lingade.